Musagumule mapositi ofesi ndi masukulu akale

Mwalemba kuti nyumba zakale za positi ofesi ndi za masukulu a sekondale aboma zimadya ndalama zambiri pokonza, ndiye kuli bwino kuzigumula. Pamenepo ine ndakana.

Zoonadi makalata achepa chifukwa cha mafoni ndi intaneti, koma nyumba ikhoza kupatsidwa ntchito ina. Ku New York, mbali ina ya positi ofesi yaikulu ya James A. Farley anaisandutsa malo odikirira sitima zapamtunda mu 2021, ndipo mizati yake yamiyala ikadali chilili. Ku Dublin, m'dziko la Ireland, positi ofesi ya mu 1818, imene omenyera ufulu anaisandutsa likulu lawo mu 1916, anthu akugulabe masitampa momwemo.

Za masukulu ndiye zimandikhudza kwambiri. Pa Little Rock Central High School, ku Arkansas m'dziko la America, mpamene mu 1957 ana 9 achikuda analowa moperekezedwa ndi asilikali, khamu la azungu osafuna ana achikuda pasukulupo likuwakuwiza ndi kuwatukwana. Mpaka lero ana akuphunzirabe pasukulupo, akukwera masitepe omwewo. Mwana wotero simungamunamize kuti tsankho ndi nthano chabe. Mukagumula, mudzamuonetsa chiyani?

Ngati denga likudontha, likonzeni. Mawaya a magetsi ngati atha, sinthani mawayawo, makoma asiyeni.