Tinadziwana pa thumba la mchenga

Mwalemba kuti anthu amapita ku misonkhano ya okonda kusula malata kukaphunzira luso, koma chimene chimawabwezanso chaka chamawa ndi anzawo. Izi ndi zoona, ine ndinaziona ndi maso anga.

Ulendo woyamba ndinatenga lata la aluminiyamu, ndikufuna likhale ngati mbale. Ndinalimenya pa thumba la mchenga mpaka linauma gwa, m'mphepete n'kuyamba kung'aluka. Manyazi anandigwira. Bambo wina wachikulire anabwera mwakachetechete, nalidetsa ndi mwaye wa lawi la acetylene (mpweya wowotcherera zitsulo), kenaka n'kuliwotcha pang'onopang'ono mpaka mwaye wonse unazimirira. Anandiuza kuti mwayewo ukatha ndiye kuti lata lafewanso, ndipitirize. Anandibwerekanso nyundo yawo yamtengo, yosalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri. Mpaka lero timaimbirana foni, ndipo atadwala tinapita anayi kukawaona.

Chimene nkhani yanu sinatchule ndi English wheel, chipangizo cha mawilo awiri achitsulo, lina pamwamba lina pansi, chimene mumadutsitsa lata pakati pake kuti lipindike ndi kusalala. Lata likakhala lalikulu, munthu mmodzi sangathe. Wina amaima uku, wina uko, wina kukankha, wina kukoka, ndipo mukangosiyana liwiro mizere imaonekera pa latalo. Phokoso la nyundo za ena silikulolani kuyankhulana zambiri, ndiye mumangoyang'anana m'maso ndi kumvana m'manja. Mukatha ola limodzi chonchi, munthuyo sakhalanso mlendo.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa odziwawo ndi aimvi. Ulendo wapitawu ndinapita ndi mwana wa mchemwali wanga, ndipo bambo aja anakhala naye pa chitsa chofinyira lata tsiku lonse.