Njira ya GPS muzitumiza ndi mawu ake, abale

Anzanga opalasa njinga kuno ku Dedza ndi inu a ku Ntcheu, makamaka amene mwayamba kujambula njira pa foni nkumatitumizira, ndili nanu nkhani ndipo ena mukwiya koma palibe kanthu. Loweruka likangoti madzulo foni siipuma, uyu chithunzi cha Strava, app ya pa foni yojambulira njira imene wadutsa, uyu fayilo ya GPX imene imasunga njirayo, kamzere kofiira kokhotakhota kuchoka pa boma kukafika kaya ku Bembeke kaya ku Linthipe, pansi pake makilomita ndi maola basi. Mawu olo amodzi osalembapo. Ukafunsa kuti msewu wake uli bwanji akungoti "tsatani mzerewo achimwene, simusochera." Ine ndikuti mzere wokhawokha sukwana, ndipo tsiku lina udzapweteketsa munthu.

Kugawanako nkwabwino, ndipo ine ndi mmodzi mwa amene timakakamiza anthu kuti azijambula. Tinjira tambiri timene timadutsa kuno pa Google Maps palibe, M1 ilipo, misewu ikuluikulu ya fumbi ina ilipo, koma ka njira kachidule kopita kuchigayo kapena kotulukira kuseri kwa sukulu simukapeza. Pali mapu ena a OpenStreetMap amene anayamba mu 2004, aliyense amaloledwa kuikapo njira imene wajambula, nde anthu amene ali ndi ma app a mapu a OsmAnd ndi Organic Maps amaiona olo netiweki kulibe. Ndipo ichi ambiri sachidziwa, GPS siidya bandulo. Foni imangomvetsera ma satellite amene akuzungulira kumwambako makilomita pafupifupi 20,200 kuchoka pansi pano, ikamva anayi yadziwa pamene muli, basi. Bandulo imafunika potsitsa mapu ndi potumiza zimene mwajambula. Nde inu amene mumazimitsa kujambula netiweki ikathawa m'nkhalango ya Chongoni mukungodula njira yanu pachabe. Chimene imadya ndi batire, chimenecho nde zoona.

Koma tsono fayiloyo imadziwa chani? Pamene munali, nthawi yake, ndi kukwera kwa malowo, ndiponso kukwerako pena imanama, makamaka pansi pa mapaini a m'phiri la Dedza kumene mzere umadumphadumpha nkumaoneka kuti munadutsa m'mitengo. Zina zonse zili m'mutu mwanu.

Tengani msewu wa Khwekhwelere, kuchoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Pa foni ndi kamzere kokongola kwambiri, aliyense akakaona mtima umadumpha. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nyanja ili pa 474, nde mukamatsikira kuchigwako mukutaya mamita pafupifupi 1,000 pa mtunda wochepa, makhota otsatizana, kumbali phompho. Amene anajambula mwina ali ndi mabuleki a disiki, wotsatira wake ali ndi njinga yamarabala otha kale amene akagwira nthawi yayitali rimu imatentha mpaka kuotcha chala. Mzere sungamuuze kuti ima apa mabuleki azizire, sungamuuze kuti pakhota lakuti pamakhala mchenga umene mvula imakokolera pa tala, kapena kuti mbuzi za pamenepo sizithawa belu. Kumtunda mwanyamuka ndi juzi chifukwa cha chifunga ndi kamphepo ka June kaja, kukafika pansi dzuwa likuswa mtengo, madzi atha, ndipo kubwerera nkukwera zonse zija mwatsika. Munthu woganiza amalemba kuti ine ndinangotsika, pobwera njinga ndinaikweza galimoto. Koma ayi, ena amajambula potsika pokha nkukhala chete, wina nkumayesa kuti ndi ulendo wa m'mawa umodzi akadyera nsima kunyumba.

Ndiye pali nkhani ya mwezi. Njira imene munadutsa mu August pa dambo louma si njira yomweyo mu February. Pamene munadutsa fumbi likuwuluka pano ndi makande okhaokha, omata matayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, umatsika nkumakanda ndi kamtengo pakati pa tayala ndi foloko, ukayenda pang'ono amatanso. Ulalo wa mitengo umene munawolokera unapita ndi madzi. Pena mwini dimba watchinga mpanda chifukwa wadzala kachewere, njira yasuntha yokha. Fayilo ili ndi deti mkati mwake, inde, koma ndani amatsegula kukaona? Lembani poyera kuti ndinadutsa mwezi wakuti, kunali kouma.

Chimene chandilembetsa kwenikweni si mabuleki kapena matope ayi. Ndi malo amene mizere yathuyi ikudutsa. Inu mukudziwa Dedza, kankhalango kakang'ono kali pakati pa minda, mitengo ikuluikulu yosadulidwa pamene kwina konse kuli mbee, mwana aliyense wa kuno akudziwa kuti amenewo ndi manda, ndipo m'midzi yambiri dambwe limakhala komweko. Sulowamo chisawawa. Ngati sunamete ndiye usayerekeze nkomwe. Koma pa chithunzi cha satellite ndi kamalo kobiriwira kamthunzi wabwino, ndipo pakakhala kanjira kodutsa m'mphepete wina amadutsa mothamanga tsiku lopanda anthu, palibe amene wamuona, watumiza. Mawa mlendo wa ku Lilongwe kapena mzungu amene watsitsa fayiloyo akubwera mutu uli pa foni, tsiku limene zirombo zatuluka. Mlandu wake adzaukamba ndani pabwalo la amfumu? Amene anajambula ali phee kunyumba kwake. Gule Wamkulu analowa m'ndandanda wa UNESCO mu 2005 ndipo timanyadira, koma kunyadirako kuyambe ndi kusatumiza alendo kudambwe ndi kamzere kofiira.

Chimodzimodzi maliro. Ukaona masamba aikidwa pamsewu umatsika njinga nkuyenda wapansi mpaka udutse masamba enawo, chipewa uvule, izi sitinaphunzire kusukulu. Strava ili ndi tizigawo ta msewu timene anthu amapikisana kuti wathamanga kwambiri ndani, nde taganizani munthu akuthamangitsa nthawi ya mnzake pakati pa mudzi anthu ali pa siwa. Ndinaonapo anyamata atavala zothina zija akudutsa pamasamba osatsika, azibambo amene anakhala pansi pa mtengo anangoyang'anana, mmodzi nkufunsa kuti "kodi amenewa kwawo kulibe maliro?" Ndinachita manyazi ngakhale sindinali nawo. Chiganizo chimodzi pansi pa fayilo chikanathandiza, kuti njirayi ikudutsa pakati pa midzi, mukaona masamba tsikani, mukadutsa pakhomo pa munthu perekani moni. Tinjira tina si misewu ya boma, ndi pabwalo pa anthu, pali mphasa ya ufa woyanika ndi ana akukwawa.

Za ku Chongoni nazo ndinenepo pang'ono. Malo a zojambula za pamiyala aja alipo 127, analowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse, World Heritage, mu 2006, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi nyau. Ku Chencherere ndi ku Mphunzi anthu amapita kale, palibe chobisa. Koma ambiri mwa malo enawo alibe mlonda, ndipo amene anafikako anaona mmene ena analembera mayina awo ndi makala pamwamba pa zojambula. Mukapeza phanga lotere poyenda ndi munthu wa m'mudzi, sikuti mpaka muike mzere wofika pakhomo pake penipeni kuti dziko lonse lione. Dulani fayilo pamsewu, mulembe kuti ofuna kukaona afunse kwa amfumu awapatse wowaperekeza, naye wowaperekezayo apezepo ya sopo.

Malire. Kuchoka Dedza kupita ku Lizulu mpaka cha ku Biriwiri M1 ikuyenda m'malire, mbali ya kumadzulo malo ambiri ndi Mozambique, pa Lizulu ukangowoloka msewu kukagula tomato walowa dziko la eni. Ife a kuno tinazolowera, foni ikasintha nkulemba Movitel kapena Vodacom timangoseka. Koma ka njira kachidule kamene kakulowa makilomita angapo mkati mwa Angonia musakatumize osanena kuti apa tili kwa eni ake. Mlendo wopanda chiphaso, Chipwitikizi sadziwa, akakumana ndi apolisi a kumeneko simudzakhalapo kuti mumulankhulire.

Ndiye izi zokhudza inu eni ake ojambula. Ambiri mumayatsa foni muli pakhonde panu nkudzaizimitsa pakhonde pomwepo. Ndiye kuti mwauza aliyense nyumba imene njinga ya ndalama zambiri ija imagona, nthawi imene mumachoka, ndi maola amene pakhomo pamakhala popanda inu. Azichemwali amene mumapalasa nokha m'mamawa njira imodzimodzi, ganizani kawiri. Izi si nthano, mu January 2018 mapu a Strava oonetsa kumene anthu amathamanga kwambiri anaulula makampu a asilikali a America ku Syria ndi ku Afghanistan chifukwa asilikaliwo amajambula akamathamanga, ndipo mu 2024 nyuzipepala ya ku France ya Le Monde inatsata oteteza atsogoleri a mayiko, kuphatikizapo a Macron a ku France komweko, kudzera pa Strava yomweyo. Ngati akuluakulu amenewo anagwa nazo, nanga ife? Mu Strava muli pobisira poyambira ndi pothera pa njira yanu, yatsani. Koma dziwani kuti zimenezo anapangira m'matauni mmene nyumba zili thithithi. Kumudzi mukabisa mamita 200 kapena 400, m'deralo nyumba yamalata ndi imodzi ndipo aliyense akudziwa mwana wa ndani ali ndi njinga yamagiya. Bola kuyatsa mukafika pa trading centre kapena pa filling station, kuzimitsanso pomwepo.

China chimene chimandiseketsa, kkkk, ndi mayina. Munthu wadutsa kamodzi njira imene anthu akhala akuyenda chibadwire chawo, waipatsa dzina lake lachizungu, akuti waitulukira. Waitulukira iwe? Njira imeneyo anaisalaza ndi akabaza, ogulitsa makala, ndi abambo aja amakankha matumba a kachewere kupita nawo ku Bembeke kapena ku Lizulu, njinga yopanda giya, kaliyala yowotcherera, thukuta kamukamu pachitunda chimene inu mumajambulitsapo chithunzi. Iwowo alibe Strava koma mukawafunsa akuuzani kuti mlatho uti wagwa sabata ino, pokonza njinga pali pati, amene ali ndi chubu cha saizi yanu ndani, mjigo wa madzi abwino uli kuseri kwa tchalitchi iti. Zimenezo ndi zimene ndikufuna muzilemba pansi pa mzere. Ndipo dzina la njira likhale la malo ake, mudzi wakuti kukafika mudzi wakuti, kuti amene wasochera akafunsa mayi wa kumunda amvane. Mukamufunsa dzina lanu lachizungu lija adzangokuyang'anani.

Wina anandiyankha kuti kulemba zonsezo nkutaya nthawi, amene akufuna afunse yekha. Koma fayilo imayenda kutali kuposa mwini wake, mwatumizira anthu khumi pa WhatsApp, mmodzi waiika pa Wikiloc kapena Komoot, masamba a pa intaneti ogawanirana njira, chaka chamawa akuitsitsa munthu amene sakukudziwani ndipo sangakufunseni. Mphindi zimene mumatha posankha chithunzi chooneka bwino nzokwana kulemba mizere isanu, mwezi, mtundu wa njinga, pamene munakankha, pamene pali madzi, pamene muyenera kutsika.

Pano ndikusaka njira ya ku Tsangano kulowera ku Neno m'mapiri a Kirk Range, amene munadutsako nditumizireni, koma mundiuze mwezi umene munapita komanso ngati matayala opyapyala angapirire miyala ya kumeneko, chifukwa njinga yanga si ya m'phiri.