Tisamawakhazike pa sofa makolo athu tikawabweretsa mutauni

Abale anga nkhani iyi yakhala ikundiwawa mumtima ndiye lero ndilankhulepo. Ambirife tikangopeza kantchito mutauni timathamangira kukatenga mayi kapena agogo kumudzi, zabwino ndithu, koma akangofika timawapatsa rimoti, kutseka geti, ife ulendo kuntchito mpaka madzulo. Akati agwire tsache timati ayi mayi siyani pali mtsikana wantchito, akati apite kumsika timati mukagundidwa ndi kabaza. Ife timati tikuwapatsa ulemu pomwe miyendo yawo ikutha ali chikhalire.

Munthu ameneyu kumudzi amadzuka m'mamawa kusesa pabwalo, kukathirira mpiru kudimba, kutchalitchi wapansi, kumaliro wapansi, kuchigayo chimodzimodzi. Minofu ya munthu wachikulire sichedwa kufota ikasiya kugwira ntchito ndipo kuti ibwerere pamakhala ntchito yayikulu, si ngati mnyamata wa zaka 25 ayi. Ndiye muwaone pakapita miyezi ingapo, kuti adzuke pampando ayambe agwira kaye tebulo kenako khoma, mapazi akukhwekhwereza pansi, kasitepe kapakhonde komweka mpaka mdzukulu awagwire dzanja. Timangoti ndi ukalamba basi. Ukalamba ulipo inde koma wina tawuwonjezera tokha.

A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mu malangizo awo a 2020 anati munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, monga kuyenda ndawala, ndiye kuti mphindi 30 masiku 5 zakwana. Anatinso masiku 3 pa sabata azichita zolimbitsa miyendo ndi zothandiza kuti asamadzandire. Kuyendaku kumathandiza BP, shuga, mtima, ngakhale tulo timabwera bwino, nanga si matenda omwewa ndi amene akutidyera ndalama mwezi ndi mwezi ku famase?

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi kugwa. Agogo a miyendo yofooka akaterereka kubafa kamodzi kokha fupa la m'chiuno lathyoka, mwawatengera ku Queens kapena ku Kamuzu Central, agona pabedi masabata ambiri, zilonda zayamba kumsana, chibayo chalowa, ndipo ambiri akatuluka sayendanso ngati kale, ena sadzukanso n'komwe. Amene munadwazikapo munthu wotere mukudziwa, kumutembenuza usiku, kumunyamula kupita naye kuchimbudzi iye akuchita manyazi ndi mwana wake yemwe, zimapweteka kwambiri.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti agogo azisenza ndowa ya malita 20 kuchokera pamjigo kapena azilima munda onse okha ife tili pa WhatsApp. Kumudziko alipo ambiri akulera ana amasiye msana utapindika, imeneyo ndi nkhanza ndipo tiwathandize. Komanso amene amamva kuwawa pachifuwa, befu kapena chizungulire akayenda pang'ono, apite kaye kuchipatala akaonedwe.

Enawa tiwasiye azitakataka. Ngati kuseri kuli kamalo apatseni khasu adzale bonongwe ndi nkhwani, azisesa akafuna, aziperekeza adzukulu kusukulu, Lachinayi azipita ku Mvano wapansi ngati tchalitchi chili pafupi. Ngakhale kudzuka pampando n'kukhalanso kangapo osagwira kanthu kumalimbitsa ntchafu, a physio, aja amathandiza anthu kulimbitsa thupi kuchipatala, amauza odwala zomwezi. Akafuna ndodo muwagulire yabwino, palibe chamanyazi, ikani babu panjira yopita kubafa ndipo mapatapata akutha kunsi aja tayani.

Ndipo ngati mantha anu ndi magalimoto, tulukani nawo inuyo madzulo mukaweruka, muyende nawo mpaka pa golosale pang'onopang'ono momwe iwo angathere.