Madzi a mbee ngati mkaka aja ndi mpweya chabe

Abale anga a kuno ku Joni, pa gulu lathu la WhatsApp paja pabwera malonda atsopano: timitu ta shawa ta microbubble, totulutsa madzi odzaza timathovu tating'onoting'ono ta mpweya. Akuti timachotsa ziphuphu, zipere, poizoni wa m'thupi, mpaka kuwalitsa khungu. Ndiloleni ndiyankhulepo, poti bafa la mtundu umenewu ndimalitsuka ndi manja angawa Lachiwiri lililonse kunyumba ina ku Sandton komwe ndimagwira ganyu.

Ukalitsegula, pampu imalira chapansipansi, madzi aja n'kusanduka mbee ngati wathiramo mkaka. Tsiku loyamba ndinkayesa adona athiramo mankhwala. Ayi ndithu, ndi mpweya. Pampu imaukanikizira m'madzi, ndiye potuluka umamasuka n'kukhala timathovu tambirimbiri, monga zimachitikira ukatsegula Fanta. Kungoti iti n'tochepetsetsa, tosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, n'chifukwa chake sitithamangira pamwamba. Zinthuzi zinatchuka kwambiri ku Japan, komwe amasambitsira ngakhale agalu.

Koma inu madzi amenewa si achilendo kwa inu. Madzi akasowa masiku awiri ku Rosettenville kuno, tsiku lobwera mpopi umayamba watsokomola kaye, kenako n'kulavula a mbee. Mukatunga m'tambula n'kudikira pang'ono, mkaka uja umatha kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Ndi mpweya womwewo, waulere.

Sindikuti zonse n'zabodza. Tsiku lina ndikuyesa ngati pampu ikugwira, ndinaviikamo mkono mpaka m'chigongono (musakawauze adona). Kunena zoona zimakoma, madziwo amamveka ofewa, ndipo mafuta a m'khitchini anali m'zala anachepa. Timathovuto timamatira ku mafuta ndi litsiro n'kukwera nazo. Nanga sopo ndi chinkhupule ntchito yake si yomweyo? Ndipo bafa limamwa malita opitirira 100, pamene ine ndowa imodzi ya 20 ndimatuluka ndili waukhondo.

Pomwe ndikukana ndi pa nkhani yochiza. Poizoni m'thupi amachotsa ndi chiwindi ndi impso. Chipere chimayamba ndi fangasi, chimafuna mankhwala opaka a kuchipatala kapena ku famase. Mtundu wa khungu sungasinthe ndi mpweya, musanamizidwe.

Kutuwa kumene kumatizunza mu June ndi July kukuchokera kwina. Johannesburg ili pamtunda, mamita opitirira 1,700, mvula imadula miyezi ingapo, mpweya n'kuuma gwa. Ife ndi kuzizira kuja timatsegula giza yotentha kwambiri, mafuta onse a pakhungu n'kukokoloka, zidendene n'kuyamba kung'aluka. Sambani ofunda pang'ono, musachedwemo, ndipo dzolani thupi lisanaumiretu.

Adona anga omwe, ndi bafa lawo lodulalo, pambali pake pamakhala chibotolo cha Vaseline. Chikatha amandituma ine kukagula china.