Galu kukodza magazi si ukalamba, abale

Zandinyansa lero. Galu wamphongo wakhala akulondera pakhomo zaka zonsezi, pano akungoima mwendo m'mwamba, kudzikakamiza mpaka kunjenjemera, mkodzo ukungotuluka timadontho, tina tofiira. Ndafunsa mwini wake, akuti "aaa, wangokalamba ameneyu." Ukalamba? Unayamba liti ukalamba kutulutsa magazi?

Galu akamavutika kukodza ndiye kuti akudwala, basi. Mupite naye kwa dokotala wa ziweto. Osati mawa, osati mwezi ukatha.

Agalu aamuna nawo ali ndi prostate ngati abambo, ili pakhosi pa chikhodzodzo ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Ikatupa imafinya njirayo, imakankhanso thumbo, n'chifukwa chake galu wotere amachita kubuula pochita chimbudzi, chimbudzicho n'kumatuluka chophwatalala. Mwina ndi kutupa wamba kwa agalu osafula, mwina tizilombo, mwina miyala, mwina khansa. Inu ndi maso anuwo mungasiyanitse? Dokotala amapima ndi chala, amayeza mkodzo, amaunika m'mimba ndi makina. Inu mumapima ndi chiyani, pakamwa?

Ndipo musandiuze zoti "wanga ndinamufula kalekale." Kufula kumathandiza kutupa wamba, koma khansa ya prostate imagwira wofulidwa ndi wosafulidwa yemwe. Siigwira agalu ambiri, inde, koma ikagwira ndi yolusa, imathamangira kumafupa a msana ndi kumapapo. Mukamadzaona galu akuyenda mouma, miyendo yakumbuyo ikukana, mwachedwa kale. Nanga mkodzo ukatsekekeratu? Impso sizidikira, masiku ochepa okha galu wapita.

Walira mvula walira matope. Munafuna galu, ndiye matenda akenso ndi anu. Akamauwa akuba usiku ndi "galu wanga", akadwala ndiye "ndi galu chabe". Ayi, zimenezo ndi nkhanza. Chinyama chikumva ululu pamaso panu tsiku ndi tsiku inu mukuti ndi zaka. Sichingakuuzeni ndi mawu, chakuonetsani kale ndi magazi, mukufunanso chiyani?

Ndiye pali enanu, madokotala a pa Facebook, oti munthu akangodandaula za galu mumathamangira kunena kuti "mupatseni Brufen." Brufen imeneyo, dzina lake lina ibuprofen, imaboola m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso zomwezo. Mankhwala a anthu mukumwetsa galu, anakuuzani ndani?