Mnzanu akalephera, inu kwerani basi

Ndakwiya, ndipo lero sindisunga m'mimba. Pa gulu lathu la WhatsApp la aphunzitsi, pomwe tikukonza ulendo wokaphunzira ku Dedza ndi ku Mua, mayi wina walemba m'mawa uno kuti tiwabwezere ndalama zawo, sapitanso. Sakudwala, kulibe maliro, ndalama analipira kale zonse. Nkhani ndi yakuti mnzawo amene amati akhale naye mpando umodzi walephera. Ati ndekha ndikatani kumeneko. Ndekha! M'basi yodzaza anthu, wotsogolera ulendo alipo, kogona anakonza kale, munthu wamkulu wophunzitsa ana a eni n'kumati ndili ndekha. Ndiye ena m'malo mowalimbikitsa akuvomerezana nawo, ati zoona amayi, kuyenda wopanda wako n'kosowetsa mtendere. Aaa, abale inu.

Ndinene mosabisa: pa ulendo wa gulu, amene wabwera yekha ndi amene amabwerako ataphunzira. Obwera awiriawiri amangosamutsira macheza a ku staff room m'basi. Kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Linthipe nkhani ndi ya ahedi, ya banki nkhonde, ya malipiro ochedwa. Zomwezo zimene akanakamba atakhala pakhonde kwawo osalipira kanthu.

Tikafika ku Chongoni mudzaona nokha. Malo amenewa si masewera, UNESCO inawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo m'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala. Zofiira anajambula Akafula, anthu osaka nyama amene analipo kale, zoyera anajambula Achewa, ndipo zambiri zikukhudza chinamwali cha atsikana ndi nyau. Wofotokoza akaima pansi pa thanthwe ku Mphunzi n'kuyamba kuloza, amene amaima pafupi naye ndani? Ndi uja wopanda mnzake. Alibe womunong'oneza, alibe womukoka dzanja kuti tiye undijambule apa. Amamva zonse, n'kufunsa chifukwa chake zina n'zofiira zina zoyera, n'kulemba m'kope. Awiri aja ali kumbuyo, akukangana kuti chithunzi chatuluka mdima, tijambulenso. Pobwerera muwafunse zimene aona, angokuuzani kuti kunali miyala.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Inu mukufuna kunyamula dziwe lanu lomwelo pamutu n'kupita nalo ku Dedza.

Ndipo musandiuze zoti n'zoopsa. Zikanakhala kuti tikunena za kukwera Sapitwa wekha usiku, ndikanamva. Koma uwu ndi ulendo wa gulu, wokhala ndi ndondomeko, mayina onse ali papepala, basi siinyamuka mpaka awerenge mitu. Chitetezo cha gulu muli nacho, ufulu wa munthu mmodzi muli nawonso. Mukufunanso chiyani? Palibe wokuuzani kuti ndatopa tiyeni tikakhale m'basi. Palibe wonyanyala chifukwa mwacheza ndi ena. Mukafuna kuchedwa pa chinthu chimodzi mumachedwa, mukafuna kukhala chete mumakhala chete.

Ku Mua ndiye kumafunadi munthu wa maso ake ndi makutu ake. Mishoni ija inayamba mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe ndi zaluso a KuNgoni anawayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndiponso zigoba za Gule Wamkulu zochuluka zedi, chilichonse ndi dzina lake ndi phunziro lake. Zinthu zotere sungazione mothamanga uku wina akukugwedeza kuti njala yandipweteka. Umafunika kuima, kuyang'ana, kufunsa. Safunsa anadya phula. Ndipo munthu amene ali ndi mnzake pambali safunsa, amachita manyazi, amaopa kuti mnzakeyo akamuseka kusukulu kuti anafunsa zopusa. Wayekha alibe womuopa.

Chinanso chimene anthu sakuchiona: wobwera yekha ndi amene amabwerera ndi anzake atsopano. Pa nkhomaliro amakhala paliponse pamene pali mpando. Lero wadya ndi mphunzitsi wa ku Mchinji, mawa wakhala ndi wa ku Ntcheu, amva mmene anzathu akuphunzitsira mbiri popanda mabuku okwanira, asinthana manambala. Awiri aja anabwera awiri, adya awiri, abwerera awiri. Dzina la munthu amene anakhala kutsogolo kwawo ulendo wonse sakulidziwa.

Mwina n'chifukwa chakuti tinakula tikuuzidwa kuti mkazi woyenda yekha ali ndi zake, kaya. Koma zimenezo zisatipusitse. Mafunso aja akuti kodi bambo akunyumba akudziwa, kodi mulibe woti akuperekezeni, asiyeni. Munthu akupita kukaona mbiri ya dziko lake, sakupita ku chinkhoswe koti pafunike ankhoswe mbali zonse. Mwalipira nokha, maso ndi anu, mutu ndi wanu, ana amene mudzawaphunzitse za Akafula ndi a m'kalasi mwanu. Mnzanu uja sadzabwera kudzakuimirirani pa bolodi.

Ndiye amayi, ngati mukuwerenga izi, ndalama zanu sitibweza msanga. Ganizaninso. Mpando wa pawindo ulipo, ndipo potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti mudzathokoza kuti palibe wokutchingirani.

Pamene ndayamba kale kulankhula, ndinenenso za nthawi. Tinagwirizana kuti basi inyamuka 6 koloko m'mawa. Ndikudziwa kale zimene zidzachitike. Obwera okha adzakhala atafika kusanache, zikwama pamiyendo. Ochedwetsa ndi omwewa a awiriawiri, wina wafika koma akuti tidikire pang'ono mnzanga ali pa kabaza, akubwera. Kenako mnzakeyo wafika, wayamba kufuna chimbudzi, winayo amuperekeze. Dzuwa likukwera, mafuta tinalipira tonse, ndipo malo amodzi tidzawadumpha chifukwa cha anthu awiri. Ulendo uno ine ndidzakhala pafupi ndi dalaivala, 6 ikakwana ndidzamuuza alize injini.