Nanga bilu ya magetsi azidzalipira ndani?

Ndangochoka kumene ku msonkhano ndipo mtima sunatsike, ndiye mundikhululukire ngati mawu ena atuluke owawa.

Anatiitana kuti tikaone pulani ya nyumba yatsopano. Mbali ina chipatala chaching'ono, mbali ina holo ya misonkhano, pakati kachipinda ka achinyamata. Ganizo lokhalo ndi labwino, sindikukana ayi. Denga limodzi, mpanda umodzi, mayi akabwera ku sikelo ndi mwana pomwepo n'kumverako maphunziro mu holo. Anapachika chithunzi chachikulu pakhoma: nyumba yopentedwa bwino, maluwa m'mbali, mpaka ambulansi itaima pakhomo, ambulansi yoti palibe anatilonjeza. Anthu m'manja pwapwapwa. Ine ndinakweza dzanja n'kufunsa funso limodzi lokha. Nyumbayi ikatha, bilu ya magetsi azidzalipira ndani, a chipatala kapena komiti ya holo?

Mu chipinda muja zii. Kenako a tcheyamani anaseka kaseko kaja kosekera mwana, n'kunena kuti, "Mayi, zimenezo tidzaziona kutsogolo, panopa tiyeni timange kaye." Wina kumbuyo n'kuponyerapo kuti pali anthu ena amangodana ndi chitukuko basi. Ine? Ndadana ndi chitukuko chifukwa ndafunsa za bilu?

Safunsa anadya phula.

Tidzaziona kutsogolo. Mawu amenewa agwetsa nyumba za gulu zambiri kuposa chiswe. Kutsogolo kwakeko ndi liti? Ndi tsiku lomwe adzabwere kudzadula magetsi? Ndi tsiku lomwe mlonda adzasiye makiyi pa tebulo chifukwa miyezi yapita osalandira kanthu? Ndalama yomangira ndi ina, ndalama yoyendetsera ndi ina. Yomangira imatuluka kamodzi n'kutha, anthu n'kudula riboni. Yoyendetsera imatuluka mwezi ndi mwezi mpaka nyumbayo idzagwe, ndipo pa pepala lomwe anatipatsa lija munalibe ngakhale mzere umodzi wonena za iyo. Simenti analemba, malata analemba, penti analemba, mpaka chikwangwani cha pa geti. Wosesa? Kulibe. Madzi? Kulibe.

Mwina ena mukuona ngati ndikukangana ndi babu la pakhonde. Ndikunena za filiji. Katemera ambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, usana ndi usiku, Lamulungu ndi pa tchuthi pomwe. Filiji sidziwa kuti komiti sinakumane mwezi uno. Ndiye taganizani, a holo akuti alipire a chipatala chifukwa filiji yawo siizima, a chipatala akuti alipire a holo chifukwa ndiwo amayatsa zokuzira mawu mpaka usiku, mita ndi imodzi, ndipo pomwe akulozana zala magetsi aja adulidwa. Pa timabotolo tambiri ta katemera pamakhala kachizindikiro kamene kamada kabotolo kakakhalitsa potentha. Namwino akaona kada, amataya. Mphamvu ya katemera ikatha sibwerera ngakhale mutamubwezera mu filiji sabata yonse. Mayi uja wabereka mwana mtunda wonse uja adzabwerera chabe, chifukwa akuluakulu anati tidzaziona kutsogolo.

Wina anandinong'oneza kuti musadandaule, tiika sola. Chabwino, ikani. Mapanelo atha kukhala zaka 20 kapena kupitirira, koma mabatire amafa kalekale zakazo zisanakwane. Akafa agula ndani? Funso lija labweranso, langovala malaya ena.

Ndipo musandiuze za opereka thandizo. Ambiri mwa iwo amapereka ya nyumba, ya malipiro a anthu ndi mabilu amati onani nokha, ndipo amalemba poyera m'mapepala awo, ife ndi amene sitiwerenga. Chifukwa chake n'chosabisa, njerwa zimajambulika, bilu ya madzi sijambulika.

A tcheyamani anatsekera ndi mwambi, akuti mutu umodzi susenza denga. Zoona bambo, susenza. Koma denga likangokwera mitu ija imabalalika yonse, ndipo tsiku lomwe lata limodzi lidzayambe kudontha pamwamba pa chipinda chosungira mankhwala, mudzaufuna mutu umodzi wokha osaupeza. Chinthu cha tonse chopanda dzina la munthu pa pepala chimasanduka cha palibe. A holo adzati kudonthako ndi mbali ya chipatala. A chipatala adzati denga ndi limodzi, komanso ife ndalama yathu ndi ya mankhwala, sitingagulire misomali. Achinyamata adzati ife tinangopatsidwa kachipinda. Onse adzakhala akunena zoona, ndipo madzi adzakhala akudonthabe pa makatoni.

Mwambi wanga ndi uwu: walira mvula walira matope. Mwafuna nyumba, landirani ndi mabilu ake omwe.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Pepala limodzi, losainidwa ndi mbali zonse, maziko asanakumbidwe. Lisanene kuti tidzagwirira ntchito limodzi mwachikondi, zimenezo kaneneni pa tsiku lotsegulira. Linene kuti magetsi uyu, madzi uyu, mlonda uyu. Ngati n'kotheka mita zikhale ziwiri kuti mkangano uthere pomwepo. Linene kuti chimbudzi chikadzadza wokaitana opopa ndani, chifukwa anthu a ku msonkhano ndi odwala onse azidzalowa momwemo. Linene za zinyalala za chipatala, majakisoni ogwiritsidwa kale ntchito ndi thonje la magazi, kuti zizidzawotchedwa kuti ndipo ndi ndani, pakuti zimenezi sizitayidwa kudzala limodzi ndi mabotolo a pa phwando, malo oti ana azidzasewera pafupi. Ndipo makamaka linene za ndalama yobwereketsa holo. Apa ndiye pamene maso a anthu ena anawala pa msonkhano paja, ndinaona ine. Holo izidzabwerekedwa, ndalama izidzalowa. Izidzalowa m'thumba la ndani? Gawo lanji lizidzasungidwa kuti likonzetsere denga ndi kugula mabatire? Ku banki azidzasaina angati? Lipoti lake lizidzamatidwa pakhoma kuti aliyense awerenge, kapena tizidzangomva kuti msungichuma wadwala, buku ali nalo kunyumba?

Nanga ogwira ntchito? Funso limenelinso analidumpha ngati ngalande. Chipinda cholembedwa kuti namwino pa chitseko si namwino. Kodi amene amalemba anthu ntchito ndi kutumiza mankhwala anavomera kuti adzatumiza munthu kuno, ndipo anavomera pa pepala? Kapena tidzamanga kaye kenako n'kumapita kukagwada kuti tithandizeni, nyumba yatha koma ikungogona mileme? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti zimenezi si nzeru zachilendo. Mu 1978 mayiko anakumana ku Alma-Ata, mzinda wa ku Kazakhstan, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO ndi la ana la UNICEF ali patsogolo, n'kugwirizana kuti anthu wamba ali ndi ufulu komanso udindo wotenga mbali pokonza ndi poyendetsa ntchito za umoyo wawo. Mu 2018 anakabwerezanso zomwezo ku Astana, m'dziko lomwelo. Pokonza, amatero. Osati poomba m'manja chithunzi chitajambulidwa kale. Ngati kutenga mbali kwathu ndi kunyamula njerwa ndi kusonkha ndalama basi, koma tikafunsa za bajeti tikhale odana ndi chitukuko, ndiye musatiitanenso, tumizani chithunzicho pa foni tidzachione tili kunyumba.

Ndibwereze, mwina a kumbuyo aja sanamve. Sindikukana nyumba. Ndikuifuna kuposa inu, n'chifukwa chake ndikufunsa chimene idzadye ikabadwa. Amene sakufunsa za bilu lero ndi amene adzayambe kulemba pano zaka zikubwerazi kuti taonani nyumba yathu yasanduka bwinja, akuluakulu sakutiganizira. Lembani dzina la wolipira tsopano, pomwe aliyense akumwetulira ndipo akufuna kuti dzina lake likhale pa chikwangwani. Riboni ikangodulidwa palibe adzasaine kanthu.

Ndiponso, popeza ndayamba, nanga chitseko chija? Pa pulani yonse ija khomo lolowera ndi limodzi. Limodzi! Ndiye kuti mtsikana wobwera kudzatenga njira yakulera, kapena bambo wobwera kudzayezetsa magazi, adutse pamaso pa anthu onse amene akhala pa benchi kudikira msonkhano, azakhali ake ali pomwepo akumuwerenga mapazi. Mukuganiza adzabwera? Adzabwerera pa geti. Ndipo wa chifuwa chachikulu, matenda oti amayenda mu mpweya, akakhale pa khonde lomwelo lopanda mawindo, kutsokomola pakati pa makanda a sikelo ndi gulu la achinyamata. Amene anajambula anali ndi malo a maluwa koma a khomo lachiwiri analibe. Ndinakwezanso dzanja kuti ndifunse zimenezi, akuti nthawi ya mafunso yatha, tonse tituluke panja tikajambulitse.